Zokopa alendo m'malire a maiko atatu: kodi anthu a ku Zemba apezapo chiyani?

CHADIZA – Kwa zaka zoposa 20 tsopano, maiko a Zambia, Malawi ndi Mozambique akhala akukambirana ndi kusainirana mapangano ofuna kuti ntchito zokopa alendo ziziyendetsedwa mogwirizana, kuti mlendo akafika m'dziko limodzi asavutike kuwolokera m'dziko linzake. Ena mwa mapanganowa anabala zipatso zooneka ndi maso, pomwe ena anatsalira m'mafaelo a maunduna. Kwa mlimi wa ku Zemba, m'boma la Chadiza kuno kuchigawo cha kum'mawa, funso ndi lakuti mgwirizano umenewu udzafika liti pakhomo pake, ndipo ukadzafika udzabwera ndi chiyani m'manja.

Zemba ndi dera la kumidzi. Kulibe mathithi onga a Mosi-oa-Tunya, kulibenso nkhalango ya mikango ndi njovu yonga ya ku Luangwa, ndipo dzina lake silimveka pa zikwangwani zoitanira alendo. Anthu ake amadalira ulimi wa chimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa ndi thonje. Chuma chimene derali lili nacho pa nkhani imeneyi ndi malo pamene linakhala. Boma la Chadiza lagundana ndi chigawo cha Tete cha ku Mozambique, ndipo chipata cha Chanida chili m'boma lomweli. Dziko la Malawi silili patali kudzera ku Chipata kapena ku Vubwi, boma limene linali mbali ya Chadiza kufikira m'chaka cha 2012. Ku Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, ndi m'boma loyandikana nalo la Katete.

Malire anapeza anthu atakhala kale

Mzere umene umalekanitsa Zambia ndi Mozambique unachokera m'pangano la pakati pa Britain ndi Portugal la m'chaka cha 1891. Amene anagwirizana za mzerewo anali ku Ulaya, ndipo sanafunse Achewa amene anali kukhala mbali zonse ziwiri pansi pa ufumu wa Undi. Likulu lakale la Undi linali ku Mano, dera limene lero lili m'chigawo cha Tete, ndipo ufumuwo unasamukira mbali ino m'zaka za m'ma 1930. Chotero munthu wa ku Chadiza akapita ku Chifunde kukalira maliro a atsibweni ake, mwa lamulo ndiye kuti watuluka m'dziko, koma iye amadziwa kuti wangopita kwawo kwa amayi ake. Mbumba ndi imodzi, a Banda, a Phiri, a Mwale ndi a Mbewe ndi omwewo, ndipo chinenero ndi chimodzi.

Panali nthawi imene malire omwewa anali malo a mantha. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, zigawenga za RENAMO zinali kulowa m'midzi ya m'malire m'maboma a Chadiza, Katete ndi Petauke, kupha anthu ndi kulanda katundu. Anthu zikwizikwi othawa nkhondo anawolokera mbali ino, ambiri n'kusungidwa ndi abale awo, ena n'kukakhazikidwa ku Ukwimi. Nkhondoyo inatha ndi pangano la mtendere limene linasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992. Popanda mtendere umenewu, nkhani yoitana alendo m'malire muno sikanakambidwa n'komwe.

Chifukwa chake maiko amagwirana manja

Mlendo wochokera ku Ulaya, ku America kapena ku Asia amalipira ndalama zambiri pa tikiti ya ndege, ndipo sabwera chaka ndi chaka. Akabwera amafuna kuti pa ulendo umodzi womwewo aone nyama ku Luangwa, asambe m'nyanja ya Malawi, mwinanso akafike kugombe la Mozambique. Dziko limene likumuvuta kulowamo amangolilumpha, n'kupita ndi ndalama zake kwina.

Mtunda nawonso uli ndi mbali yake. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, pomwe kuchoka ku Lilongwe kufika ku Chipata komweko sakwana 150. Izi zikutanthauza kuti kwa mlendo woyenda pa galimoto, khomo lapafupi lolowera ku South Luangwa ndi mzinda wa Lilongwe. Kwa zaka zambiri makampani a ku Lilongwe akhala akunyamula alendo kupita nawo ku Mfuwe kudzera pa Mwami, ndipo alendo omwewo akatha kuona nyama amabwerera kukapumula kunyanja, ku Salima kapena ku Mangochi. Zambia amapindula ndi bwalo la ndege la mnzake, Malawi n'kupindula ndi nyama za mnzake. Amalonda anayamba kuchita zimenezi maboma asanakhale pansi.

Maiko a m'bungwe la SADC anasaina pangano lotukula ntchito zokopa alendo m'chaka cha 1998. Panalinso bungwe la RETOSA, limene ntchito yake inali kulengeza chigawo chonse cha kum'mwera kwa Africa ngati malo amodzi oyenera kuyenderedwa, ndipo linagwira ntchito kwa zaka pafupifupi 20 lisanatsekedwe. Koma chitsanzo chimene anthu ambiri amachitchula chili ku Livingstone. Mu Ogasiti 2013, maiko a Zambia ndi Zimbabwe anachereza pamodzi msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations loona za maulendo, zokambirana zina zikuchitikira tsidya lino la Zambezi, zina tsidya linalo. Chaka chotsatira, mu Novembala 2014, maiko awiriwa anayambitsa chitupa chimodzi chotchedwa KAZA Univisa, chimene mlendo analipira madola 50 n'kuyenda nacho m'maiko onse awiri kwa masiku 30. Mathithi ndi amodzi, ndipo zinaoneka kuti kulipiritsa munthu kawiri kuti awaone mbali zonse kunali kudzipinga okha.

Kuno kum'mawa, pangano lalikulu ndi la nkhalango zosungiramo nyama za m'malire a Zambia ndi Malawi. Maiko awiriwa anayamba ndi chikalata cha mgwirizano mu Ogasiti 2004, ndipo pangano lenileni linasainidwa mu Julayi 2015 ndi atsogoleri a nthawiyo, a Edgar Lungu ndi a Peter Mutharika. Panganoli limalumikiza Nyika ndi Vwaza ku North Luangwa, komanso Kasungu ku Lukusuzi, malo okwana ma sikweya kilomita oposa 30,000. Cholinga chake n'chakuti alonda a nyama a maiko onse awiri azigwira ntchito limodzi, popeza wopha nyama mozemba amadziwa kuti akangolumpha malire amene akumuthamangitsa amaima, ndiponso kuti nyama ziziyenda m'njira zake zakale. M'chaka cha 2024 panasainidwanso pangano la ZIMOZA, la pakati pa Zimbabwe, Mozambique ndi Zambia, lokhudza dera limene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi.

Mgwirizano wa nyamawu uli ndi mbali yake yowawa, imene siyenera kubisidwa. M'chaka cha 2022, njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, ntchito imene nthambi ya boma la Malawi yoona za nyama zakutchire inagwira pamodzi ndi mabungwe a African Parks ndi IFAW. Nkhalango ya Kasungu imathera pa malire enieni a Zambia. Pasanapite nthawi, alimi a mbali zonse ziwiri anayamba kudandaula kuti njovu zikuwathera mbewu m'minda ndi m'nkhokwe, ndipo anthu ena anataya miyoyo. Ena mwa odandaulawo anatengera nkhaniyi kwa maloya a ku Britain, pomwe bungwe la IFAW linakana kuti linalakwa. Mlandu tiusiyire eni ake, koma zimene zinachitikazo zinaonetsa kuti pangano likasainidwa m'mizinda ikuluikulu, mtolo wake amasenza ndi munthu amene munda wake uli m'mphepete mwa nkhalango.

Pa mapangano onse a nyamawa, palibe limene limafika ku Chadiza. Anthu a ku Zemba akati adikire kuti mlendo adzabwere kudzaona njovu, adzadikira mpaka kalekale.

Ulendo umene anthu anaukonza okha

Pali mgwirizano wina wa maiko atatu umene sunayambire mu ofesi ya nduna. Chaka chilichonse, Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba. Mafumu oposa 200 a m'maiko atatuwa, ambiri mwa iwo a ku Malawi, ali pansi pa Kalonga Gawa Undi, ndipo pa tsikuli amabwera kudzapereka ulemu ndi mphatso komanso kudzafotokoza mmene anthu awo akukhalira. Boma la atsamunda linaletsa mwambowu m'zaka za m'ma 1930, ndipo unayambiranso m'chaka cha 1984. Mu 2007 atsogoleri onse atatu, a Levy Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika ndi a Armando Guebuza, anakhala pabwalo limodzi ku Mkaika monga alendo a Kalonga. Sikawirikawiri atsogoleri atatu a maiko kukumana pamudzi pa mfumu.

Anthu ambiri akamva mawu akuti mlendo wodzaona malo amaganiza za mzungu wonyamula kamera. Koma malinga ndi kawerengedwe ka bungwe la United Nations, munthu amene wachoka kwawo n'kukagona kwina, kaya wapita kukacheza kwa abale, kukapembedza kapena kukaonerera mwambo, amawerengedwa m'gulu lomwelo. Tikatsata kawerengedwe kameneka, mayi wa ku Dowa amene wakwera lole ndi anzake ovina kupita ku Mkaika ndi mlendo wochokera kunja, chimodzimodzinso mnyamata wa ku Macanga amene wabwera pa njinga yamoto. Amalipira galimoto, amagula chakudya, amagula chitenje cha mwambo, ndipo pobwerera amanyamula katundu wa m'masitolo a ku Katete. Aliyense payekha sawononga zambiri, koma amabwera m'chinamtindi, ndipo amabweranso chaka chamawa popanda wowaitana pa wailesi.

Kufunika kwa ndalama zimenezi kunaoneka pamene zinasowa. M'zaka za 2020 ndi 2021 mwambowu sunachitike kaamba ka mliri wa Covid-19, ndipo eni nyumba zogona alendo, oyendetsa maminibasi, ophika nsima ndi ogulitsa thobwa anadziwa chimene Kulamba amabweretsa.

Chimene chimakoka maso pa Kulamba ndi Gule Wamkulu. Magulu a nyau ochokera kwa mafumu osiyanasiyana amalowa m'bwalo motsatana, aliyense ndi ng'oma zake ndi amayi ake oimba, ndipo munthu amatha kuona tsiku limodzi zilombo zimene kwawo akanadikira zaka kuti azione: Makanja wamtali ngati mtengo, Kang'wingwi, Chadzunda, Maliya, Kasiyamaliro. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu ndi chimodzi mwa zinthu zamtengo wapatali za chikhalidwe cha anthu pa dziko lonse, ndipo mu 2008 anamulemba m'kaundula wake. Chofunika kuchizindikira n'chakuti guleyu analembedwa m'dzina la maiko onse atatu pamodzi. Pa pepala, ndiye kuti Zambia, Malawi ndi Mozambique anavomereza kale kuti ali ndi chinthu chimodzi choti asamale ndi kuonetsa dziko lapansi mogwirizana.

Vuto kwa anthu a ku Chadiza ndi lakuti iwo amapita ku Mkaika kukasiya ndalama, osati kwenikweni kukatenga. Alipo amene amanyamula nshawa, nkhuku, mphasa ndi malichero kukagulitsa, koma phindu lalikulu limatsalira ku Katete ndi ku Chipata kumene kuli malo ogona. Alendo a ku Mozambique amene amalowera pa Chanida amadutsa m'boma la Chadiza osaima, maso ali ku Katete, mtunda wa makilomita pafupifupi 55 kuchokera pachipatapo. Mwambo ukatha Loweruka madzulo, Lamlungu onse ali pa ulendo wobwerera. Kuti madera onga Zemba apezepo kanthu, payenera kukhala chifukwa choti mlendo awonjezere tsiku limodzi kapena awiri, n'kupatuka pa msewu waukulu.

Zolembedwa pa miyala

Chifukwa chimenecho chilipo, ndipo chakhala chilipo kwa zaka mazanamazana. Mapiri a miyala amene anayala kuchokera ku Dedza, kudutsa kuno kum'mawa kwa Zambia mpaka kumpoto kwa Tete ali ndi mapanga okhala ndi zithunzi zojambulidwa ndi anthu akale. Akatswiri amazigawa pawiri. Zofiira, zimene zambiri ndi mizeremizere ndi timikombero, ndi zakale kwambiri, ndipo amati anajambula ndi anthu osaka nyama amene makolo athu anawapeza, aja timawatchula kuti Akafula kapena Abatwa. Zoyera, zopakidwa ndi dothi loyera pogwiritsa ntchito chala, ndi za alimi, makolo a Achewa. Zina mwa zoyerazi zimakhudzana ndi maphunziro a chinamwali, ndipo zina zimaonetsa zilombo za nyau monga Kasiyamaliro. Munthu amene waona gule ku Mkaika dzulo lake akhoza kuzindikira chilombo chomwecho pa thanthwe.

Ku Malawi, dera la Chongoni m'boma la Dedza, lomwe lili ndi malo 127 a zithunzi zotere, linalembedwa ndi UNESCO mu 2006 monga chuma cha dziko lonse lapansi. Ku Mozambique kuli Chifumbazi, kumpoto kwa Tete, malo amene dzina lake akatswiri ofukula zakale analibwereka potchula mtundu wa mbiya za alimi oyambirira a chigawo chonse chino. Kuno kwathu kuli Thandwe m'dera la Chipata, Mkoma ndi Makwe m'dera la Katete, ndi phanga la Kalemba m'boma lino la Chadiza. Katswiri wina wa ku Britain, a David Phillipson, anafukula ku Kalemba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo zimene anapeza zinaonetsa kuti anthu anayamba kukhala m'phangamo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Akuluakulu amakumbukiranso kuti phangali linali pothawira pa nthawi ya nkhondo za Angoni.

Zithunzi za ku Chongoni, za ku Kalemba ndi za ku Chifumbazi ndi za banja limodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti za ku Malawi zinapeza ozilankhulira. Dziko lililonse limasamala miyala yake palokha, kuno ndi bungwe la National Heritage Conservation Commission, ndipo mlendo amene wachita chidwi ku Dedza sapeza chomulozera kuti nkhani yomweyo ikupitirira tsidya lino. Kukonza njira imodzi ya alendo, yoyambira ku Mua kumene kuli malo osungirako zachikhalidwe a Kungoni amene anakhazikitsidwa mu 1976 ndi wansembe Claude Boucher, kudzera ku Chongoni, Mchinji, Chipata, Chadiza ndi kukathera ku Mkaika, sikungafune kumanga chinthu chachikulu. Kungafune kuti maofesi atatu amene amagwira ntchito yofanana azilankhulana, ndi kuti makampani onyamula alendo aidziwe njirayo.

Zopinga za pamsewu ndi pachipata

Pa Mwami zinthu zinasintha. Mu Disembala 2022 atsogoleri a Zambia ndi Malawi, a Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera, anatsegula chipata cha Mwami ndi Mchinji chimene apaulendo amaima kamodzi kokha, ogwira ntchito a maiko onse awiri n'kuwathandiza pamalo amodzi. Njira imeneyi inayambira pa Chirundu mu 2009. Sitima yapamtunda nayo inafika ku Chipata kuchokera ku Mchinji mu 2010, ngakhale kuti njanjiyo inaganiziridwa kwambiri za katundu.

Mbali ya Mozambique ndi yolemerapo. Zambia ndi Malawi onse ali m'bungwe la COMESA, pomwe Mozambique mulibe. Kusiyana kumeneku kumamveka ngati nkhani ya akuluakulu a zamalonda, koma kumakhudza woyendetsa galimoto mwachindunji. Inshuwalansi ya chikalata chachikasu cha COMESA imagwira ntchito ku Zambia ndi ku Malawi, koma wolowa ku Mozambique amayenera kugula ina. Ndondomeko yopeputsa msonkho kwa amalonda ang'onoang'ono a m'malire, imene Zambia ndi Malawi anayamba kutsata mu 2010, ndi ya COMESA yomweyo. Mafomu a tsidya linalo ali m'Chipwitikizi, ngakhale kuti wogwira ntchito pa Cassacatiza ndi wapaulendo wa ku Chadiza nthawi zambiri amamvana bwinobwino m'Chinyanja. Pali ndalama zitatu, kwacha ya Zambia, kwacha ya Malawi ndi metikali, ndipo kutali ndi mabanki wosintha ndalama wa pamsewu ndi amene amanena mtengo.

Pa nkhani ya zitupa za alendo a kutali, maiko atatuwa anachitapo kanthu, koma aliyense payekha. Zambia anachotsa chitupa cha viza kwa nzika za maiko ambiri mu 2022, Mozambique anachita zofanana kwa maiko 29 mu 2023, ndipo Malawi anatsatira mu 2024 ndi maiko 79. Mndandanda wa dziko lililonse unali wakewake, ndipo chimene dziko lapereka palokha likhozanso kuchibweza palokha bajeti ikavuta. Kampani imene ikugulitsa ulendo wa maiko atatu chaka chisanafike imafuna kudziwa kuti lamulo la lero lidzakhala lomwelo mlendo akadzatera. Apa m'pamene chitupa chimodzi chonga cha ku Livingstone chimaposa kukoma mtima kwa dziko limodzilimodzi.

Ndiye pali msewu. Wa Chipata kupita ku Chadiza unaikidwa pa ndondomeko ya Link Zambia 8000 imene inayamba mu 2012, koma ntchito yake inachedwa kwa zaka zambiri, ndipo anthu a m'bomali anaidandaula mpaka mawu kusasa. Misewu ya m'midzi, imene imalumikiza madera onga Zemba ku boma, imavuta nthawi ya dzinja. Mlendo akhoza kupirira fumbi, ena amalikonda kumene, koma mwini galimoto yonyamula alendo amawerengera matayala ndi masipuling'i. Ganizo la chitukuko cha makona atatu a Zambia, Malawi ndi Mozambique, limene linakambidwa kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mothandizidwa ndi bungwe la UNDP, linali ndi madera onga ano m'maganizo. Anthu a m'malire anamva zambiri za misonkhano yake kuposa zimene anaona.

Gule si katundu wa pamsika

Ngakhale misewu ndi zipata zitakonzeka, patsala nkhani imene boma silingaigamule. Gule Wamkulu ali ndi eni ake. Ali ndi dambwe, kumene munthu wosameta safikako, ali ndi mzinda umene mfumu inapatsidwa mwa mwambo, ndipo amatuluka pa zifukwa zake: pa maliro, pa chiliza, pa chinamwali, polonga ufumu. Mlendo akabwera ndi ndalama n'kupempha kuti gule atuluke Lachiwiri masana kaamba koti ndege yake inyamuka Lachitatu, pamakhala funso lakuti avomereze ndani, ndalamazo alandire ndani, ndipo kamera ifike pati. Mapanga ena a zithunzi zoyera ndi okhudzana ndi zinsinsi za amayi, ndipo anamkungwi ali ndi mawu pa zimene zingafotokozedwe kwa munthu wakunja.

Ena amaona kuti kuvinira alendo kumapeputsa mwambo, n'kusandutsa zilombo kukhala zoseweretsa. Ena amati mnyamata amene akupeza kangachepe chifukwa chodziwa ng'oma ndi nyimbo za makolo ake sangazitaye msanga. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, koma zimene zaoneka ku Mua zikusonyeza kuti n'zotheka kufotokozera mlendo tanthauzo la zilombo mwaulemu, pamalo okonzedwera zimenezo, popanda kumulowetsa kudambwe. Apa ufumu wa Kalonga uli ndi mwayi umene maunduna alibe, chifukwa mawu ochokera ku Mkaika amamveka ku Chadiza, ku Kasungu ndi ku Chifunde mofanana. Lamulo la mmene alendo angaonerere ndi kujambula gule likachokera kumeneko, lingagwire ntchito m'maiko atatu popanda pangano la maboma. Ku Malawi kuli kale bungwe la Chewa Heritage Foundation limene limakonza maulendo a ku Kulamba, ndipo Angoni nawo ali ndi njira yawo yofanana, popeza mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, mwezi wa Febuluwale, umalandira abale ochokera ku Mchinji, Mzimba, Ntcheu ndi Angonia.

Zimene zingachitike pafupi sizifuna kudikira nduna zitatu. Phanga kuti lilandire alendo limafunika kanjira kolambulidwa, chikwangwani pa mphambano, chimbudzi, munthu wa m'mudzi momwemo wophunzitsidwa kufotokoza ndi kuletsa ana kulemba maina awo pa zithunzi, ndi mgwirizano womveka pakati pa nyakwawa, khonsolo ndi bungwe losamala zakale pa kagawidwe ka ndalama za pakhomo. Thumba la CDF linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'chaka cha 2022, ndipo makomiti a m'mawodi ndi amene amapereka maganizo a ntchito zoti zigwiridwe. N'zoona kuti pamene chipatala chikusowa nyumba ya amayi oyembekezera ndipo ana akusowa madesiki, chikwangwani cholozera kuphanga sichingakhale patsogolo. Komabe mtengo wake ndi wochepa, ndipo sukulu za m'bomali zingakhale alendo ake oyamba.

Nyengo nayo ikuvomereza. Mwezi wa Ogasiti anthu amakhala atakolola, misewu ya dothi ili youma, ndipo ndi pakati pa nyengo imene malo ogona a ku Luangwa amadzaza, kuyambira Juni mpaka Okutobala. Mlendo amene ali ku Mfuwe sabata ya Kulamba ali pa ulendo wa theka la tsiku kuchokera ku Mkaika, ndipo kuchoka ku Mkaika kufika ku Chadiza ndi pafupi kuposa pamenepo.